Phulusa, sopo ndi ndowa zitatu: mmene ndimayeretsera nyumba yanga ku Mufakose

Ine kwathu ndi ku Mufakose, mumzinda wa Harare, ngakhale mchombo wa bambo anga unagwera ku Dedza. Iwo anabwera nthawi ya chitaganya, mzinda uno ukutchedwabe Salisbury, ndipo ine ndinabadwira konkuno. Pamsewu ndimayankhula Chishona ngati wina aliyense, koma ndikalowa m'khitchini mawu amene amabwera pakamwa ndi a mayi anga: nkhoko, chidulo, thandala, chinkhupule. Ndagwira ntchito m'nyumba za anthu zaka zambiri ku Avondale ndi ku Mount Pleasant, kumene kabati ya pansi pa sinki imadzaza ndi mabotolo, lina la galasi, lina la chimbudzi, lina la uvuni, lina longonunkhiritsa. Onsewo ndawagwiritsapo ntchito, ndipo khungu la m'manja mwanga linasuwa kangapo. Kwanga kuno ndimasunga phulusa, sopo wa mtanda, soda, viniga, mandimu akakhalapo, ndi botolo limodzi la Jik limene limakhala pamwamba pa kabati. Nyumba ndi yoyera, ndipo adzukulu anga amakwawa pansi osadwala. Amayi anzanga a Chigwirizano akhala akundifunsa mmene ndimachitira, ndiye ndati ndilembe zonse pamodzi.

Musanagwire tsache, dziwani kaye kumene madzi a m'sinki mwanu amapita. Harare anamangidwa pamtunda, nyanja imene timamwa ili kumunsi kwake. Chivero, imene damu lake linamalizidwa mu 1952 ikutchedwa McIlwaine, imalandira madzi a mtsinje wa Manyame, a Mukuvisi umene umadutsa mkati mwa mzinda, ndi a Marimba umene umadutsa kufupi ndi kwathu kuno. Za m'masuweji zimapita ku Firle ndi ku Crowborough kuti zikayeretsedwe, ndipo zotuluka kumeneko zimatsikira m'mitsinje yomweyo. Madziwo amapopedwa m'nyanja, n'kuyeretsedwa ku Morton Jaffray, n'kubwerera kumipopi yathu. Chimene mwataya lero chikuyenda ulendo wobwerera m'kapu mwanu. Sopo wina waufa amakhala ndi fosifeti, chakudya chomwecho chimene chili mu feteleza, ndipo chikafika m'nyanja chimanenepetsa namasupuni ndi ndere zobiriwira. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa ku Chivero zitamwa madzi a ndere zapoizoni. Gwero lalikulu la vutoli ndi suweji wofika m'nyanja asanayere, osati beseni la mayi mmodzi. Komabe mabeseni athu ndi ambiri, ndipo langali ndi limene lili m'manja mwanga.

Ndiyambe ndi madzi, poti kuno ndi amene amatilamula. Pampopi amatha kusowa masiku angapo, ndipo amene anaimapo pamzere wa pamjigo, umene anzathu kuno amati chibhorani, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kuswa mtengo, sangataye madzi mwachisawawa. Ine madzi aliwonse amagwira ntchito kawiri kapena katatu asanatuluke pakhomo. Ndili ndi ndowa zitatu za mitundu yosiyana kuti ngakhale mwana asasokoneze. Yoyera ndi ya madzi akumwa ndi ophikira, ili ndi chivundikiro ndi kapu yakeyake yotungira, ndipo dzanja sililowamo. Yabuluu ndi ya madzi amene agwirapo ntchito yopepuka: otsukira masamba ndi mpunga, otsukuluzira zovala komaliza, otsala m'ketulo. Amenewa ndimakolopera, ndimachapira zisanza, ndimathirira ndiwo. Yakuda ndi ya madzi a thovu lambiri, oyamba kuchapira ndi osambira, ndipo ntchito yawo ndi ya m'chimbudzi basi. Thanki ya chimbudzi chakale imameza malita 9 kapena kuposa pakugujumula kamodzi. Banja la anthu asanu ndi mmodzi, werengani nokha zigubu zimene zimathera pamenepo ngati mukuthiramo madzi abwino a pamjigo.

Madzi a m'ndowa yabuluu ndi yakuda asagone kupitirira tsiku limodzi. Akagona amawola, amanunkha, ndipo udzudzu umawapeza. Pothirira dimba, thirani pansi patsinde, osawaza pamasamba, ndipo musathirire nawo zodya zaziwisi monga letesi. Kovo, repu, mpiru ndi nkhwani zimene zimaphikidwa zilibe vuto. Madzi a sopo waufa ali ndi mchere wambiri umene umaumitsa nthaka pakapita nthawi, mudzaona dothi likuchita mbuu pamwamba ndipo madzi akukana kulowa. Amenewo apite kuchimbudzi. Ochapira matewera, kapena alionse amene mwathiramo Jik, asayandikire dimba n'komwe.

Tsopano mbale. Ntchito yaikulu imatha madzi asanakhudze mbale. Palani zotsalira zonse ndi chipande kapena supuni, za nkhuku zipite kunkhuku, za manyowa kumanyowa. Mafuta otsala m'poto pukutani ndi pepala la nyuzipepala kapena khoko la chimanga, pepalalo mudzayatsire moto. Mafuta akalowa m'paipi amakazizira n'kugwira ngati kandulo, kenako tsitsi ndi tizinyalala timakakamira pomwepo mpaka paipi kutsekeka. Poto wa nsima muthireni madzi mukangomaliza kuomola, nkhoko zifewe mukudya. Mukamadzatsuka zimachoka ndi dzanja, ndipo madzi a nkhokowo nkhuku zimawakonda. Potsuka yambani ndi makapu, kenako masupuni ndi mbale, mapoto pomaliza, m'mabeseni awiri, lina la sopo lina lotsukuluzira. Mpopi usamathamange mukutsuka.

Pali chizolowezi chimodzi chimene tinabwera nacho kuchokera kumudzi chimene m'tauni muno chimatipweteka: kukwecha mapoto ndi mchenga. Kumudzi palibe cholakwa, mchenga umachoka pansi n'kubwerera pansi. Koma kuno ambiri amakwechera pasinki yapanja kapena pa dileni, ndipo mchengawo umatsikira m'masuweji. Mchenga susungunuka. Umakhazikika pansi pa paipi, umakumana ndi mafuta aja ndi zisanza, ndiye tsiku lina mumangoona chivundikiro cha suweji chikutumphuka pakati pa msewu pamene ana amasewera mpira. Mapaipi a m'malokeshoni mwathu anaikidwa kalekale, anthu ali ochepa, ndipo nyumba imene inamangidwira banja limodzi lero muli mabanja atatu. Ngati simungathe kusiya mchenga, kwecherani pabwalo padothi, tsukuluzirani m'beseni, ndipo madziwo mukathire patsinde pa nthochi. Pansi pa beseni mudzapeza mchenga wodzaza dzanja. Umenewo ndi umene ukanalowa m'paipi.

Koma ine ndikuti siyani mchenga, tengani phulusa. Magetsi amazimazima, gasi ndi wokwera mtengo, choncho pafupifupi khomo lililonse limasonkha moto panja masiku ena, ndipo phulusa limangotayidwa kudzala. Dikirani lizizire usiku wonse, sefani ndi sefa yakale kuchotsa makala ndi misomali, sungani m'chitini chotseka pouma. Likanyowa mphamvu yake imatha. Phulusa labwino ndi la nkhuni zenizeni, zitsononkho ndi makoko a mtedza. La matabwa opaka penti, la mapolo onyikidwa m'mankhwala a chiswe, kapena la moto umene mwaponyamo mapulasitiki, limenelo lisakhudze chiwiya chodyera ndipo lisalowe m'dimba. Pokwecha, nyowetsani chinkhupule, chigunditseni paphulusa, pakani. Phulusa likakumana ndi mafuta a m'poto limawasandutsa ngati sopo, n'chifukwa chake poto wa nyama amayera msanga kuposa mmene mungaganizire. Mayi anga ankachitanso china: asanateleke poto pamoto wa nkhuni, ankamata kunja kwake phulusa lonyowa ngati phala. Mwaye umagwira paphulusapo m'malo mogwira pachitsulo, ndipo potsuka zonse zimayoyoka limodzi. Sopo wopaka mopyapyala amachitanso chimodzimodzi.

Aliyense wa ife amene anakulira pa therere amadziwa kutcheza chidulo. Madzi omwewo ndi mankhwala otsukira amphamvu. Tengani chitini kapena kandowa kakale, boolani timabowo pansi ndi msomali, yalani kansalu kapena udzu wouma, dzazani phulusa mpaka pakati, thirani madzi pang'onopang'ono, ndipo pansi ikani beseni lapulasitiki lolandirira. Amadontha ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo mukawagwira ndi nsonga za zala amaterera. Kutererako ndi chizindikiro choti akudya mafuta a pakhungu panu, choncho musasewere nawo. Kapu imodzi ya chidulo m'ndowa ya malita 5 imakwana kunyikamo nsalu zopukutira mbale zimene zachita nonono ndi mafuta, kutsukira chitofu, ndi kukolopera pakhonde pophikira. Valani magolovesi kapena jumbo m'manja ngati muli ndi mabala, tetezani maso, ndipo chikakugwerani m'diso tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15 osaleka. Chidulo chophikira ndi chotsukira zikhale m'mabotolo osiyana olembedwa bwino. Sopo akatheratu pakhomo, phulusa losefa limathandiza posamba m'manja pochokera kuchimbudzi, kuposa kusamba ndi madzi okha.

Si poto aliyense amene amagwirizana ndi phulusa. Masefuliya ndi mapoto a aluminiyamu, kuphatikizapo osula amene timagula ku Mbare, amada mkati mukawanyika m'chidulo kapena m'soda. Kwechani mwachangu n'kutsukuluza pomwepo, osagoneka. Akada kale, wiritsanimo madzi ndi makoko a mandimu kwa mphindi 10, amawala. Mbale ndi mapoto a Kango, okutidwa ndi utoto wonga galasi aja, amadana ndi mchenga ndi waya chifukwa akangokandika dzimbiri limalowa. Amenewo ndi a phulusa losalala ndi nsalu. Poto wachitsulo wa miyendo itatu mukamutsuka muumitseni pamoto n'kumupaka kadontho ka mafuta ophikira. Mithiko ndi zipande muzikweche ndi mchere, muziyanike padzuwa.

Sopo amene ndimadalira ndi wa mtanda wobiriwira uja, amene amapezeka m'tishopu tonse ta m'lokeshoni. Mukamugula musamugwiritse ntchito tsiku lomwelo. Mudulenidule, muike pamwamba pa kabati milungu iwiri aume, ndipo adzakhalitsa kuposa wofewa amene amasungunuka m'manja. Tizidutswa totsala musataye. Ndimatisonkhanitsa m'chitini, tikakwana dzanja limodzi ndimatipala ndi mpeni, n'kutisungunula m'malita awiri a madzi otentha. Zikazizira zimagwirana ngati phala la mwana. Supuni ziwiri za phala limeneli zimatsuka mbale za banja lonse, ndipo theka la kapu limakolopa nyumba. Ambirife timayesa ukhondo ndi thovu, thovu likachepa timawonjezera sopo. Thovu silichotsa litsiro. Chimene chimachotsa ndi kunyika, kutikita ndi kutsukuluza, ndipo sopo wochuluka amangokudyerani madzi otsukuluzira amene mwasenza pamutu. Fungo nalonso limatinamiza. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: ndalowapo m'zimbudzi zonunkhira maluwa koma kuseri kwa mtondo kuli kwakuda bii.

Soda amene timathira m'therere ndi m'zitumbuwa yemweyo ndi wotsukira wabwino. Poto wachitsulo chosachita dzimbiri kapena wa Kango akapserera, thiranimo madzi ophimba popserera, supuni ziwiri zazikulu za soda, wiritsani mphindi 10, siyani azizire. Zopserera zimatukuka zokha. Makapu amene achita chikasu ndi tiyi apakeni soda wonyowa ndi chala. Sinki ndi bafa, wazani soda, pakani ndi chinkhupule. Viniga ntchito yake ndi ina. Madzi a m'mijigo yambiri amasiya zoyera zokakamira ngati laimu m'ketulo ndi pamipopi, ndipo ketulo yotero imachedwa kuwira n'kumadya magetsi. Thiranimo theka viniga theka madzi, wiritsani kamodzi, siyani ola limodzi, tsukuluzani kawiri. Viniga yemweyo musamutaye, pukutirani mipopi. Mawindo, kapu imodzi ya viniga pa makapu anayi a madzi, n'kupukuta ndi nyuzipepala. Koma pasimenti, makamaka yofiira yopolisha ija, viniga asafikepo, amadya simenti n'kuisiya yotuwa.

Pa WhatsApp pamayenda timavidiyo tosonyeza anthu akusakaniza soda ndi viniga m'botolo limodzi, zikuchita thovu ngati thobwa lowira, ati ndiye mankhwala amphamvu. Thovulo ndi mpweya chabe. Ziwirizi zikakumana zimaphana mphamvu, chotsala ndi madzi amchere. Gwiritsani ntchito chimodzi pa nthawi yake, soda pa mafuta ndi fungo, viniga pa laimu ndi dzimbiri. Viniga ndi sopo nazonso sizigwirizana, sopo amadukaduka ngati chambiko.

Pa zochapa, chida chachikulu tili nacho kale ndipo n'chaulere. Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, dzuwa lake ndi lakuthwa ngakhale mu Juni. Bulauzi yanga yoyera ya Chigwirizano ndi duku lake sizinalawepo Jik. Ndimazinyika m'madzi ofunda ndi sopo, ndimapaka sopo m'khosi ndi m'khwapa, kenako ndimaziyala pakapinga kapena pa pulasitiki yoyera zili ndi sopo yemweyo, ndikumawaza timadzi zikayamba kuuma. Pakatha maola awiri ndimatsukuluza. Zimayera mbee, ndipo ulusi wake sufooka. Jik amayeretsa msanga koma amadya nsalu, ndipo pa nsalu zina za nayiloni amasiya chikasu chosachoka. Dontho la dzimbiri, finyiranipo ndimu, wazani mchere, ikani padzuwa. Magazi, madzi ozizira nthawi yomweyo, chifukwa otentha amawaphika n'kuwakhazika m'nsalu. Kolala ya yunifomu ya mwana wasukulu ipakeni sopo usiku, mmawa ingotikitani pang'ono. Zitenje ndi zovala zamitundu ziyanikeni mozitembenuza, pamthunzi.

Ndafika pamene ndikufuna mundimvetse bwino, chifukwa pano pali moyo wa munthu. Phulusa, soda, viniga ndi mandimu zimachotsa litsiro, koma musazidalire pa kolera ndi taifodi. Ife a kumadzulo kwa mzinda uno matendawa timawadziwa ndi maso. Mu 2008 ndi 2009 kolera anagwira anthu oposa 98,000 m'Zimbabwe muno n'kupha oposa 4,000, ndipo Budiriro, pafupi pomwepa, ndi kumene kunavuta kwambiri mu Harare. Mu Seputembala 2018 anabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro, ndipo mu 2023 anabweranso. Ndinaperekeza nawo maliro amene sitinaloledwe kusambitsa thupi kapena kuphika pasiwa. Choncho munthu akadzakuuzani kuti tayani Jik chifukwa ndi mankhwala oononga chilengedwe, musamumvere. Chofunika n'kumugwiritsa ntchito pamalo pake ndi pamlingo wake, osati kumuthira paliponse tsiku ndi tsiku.

Malo ake ndi awa: chimbudzi, pansi pamene suweji wasefukira, pogona ndi ziwiya za munthu wotsegula m'mimba, ndi thabwa lodulirapo nkhuku yaiwisi. Onani pabotolo, Jik wamba amalembedwa 3.5%. Kwa ameneyo, kapu imodzi pa makapu 16 a madzi ozizira ndi mlingo wopukutira pansi, chimbudzi ndi zogwirira zitseko pakhomo pakakhala wodwala. Yambani mwatsuka ndi sopo n'kutsukuluza, chifukwa Jik akagwera palitsiro mphamvu yake imathera palitsiropo. Mukapaka musiyeni mphindi 10 asanaume kapena musanapukute. Sungunulani wokwana tsiku limenelo, wogona amakhala atafooka, ndipo botolo likhale pamthunzi lotseka bwino. Masanzi ndi chimbudzi cha wodwala kolera zimafuna wamphamvu kwambiri kuposa pamenepa, ndipo wodwalayo malo ake ndi kuchipatala msangamsanga, akumwa madzi a mchere ndi shuga m'njira. Madzi akumwa, ngakhale a pamjigo ooneka oyera, awiritseni mpaka abwadamuke kwa mphindi yathunthu, kapena thiranimo WaterGuard kapena Aquatabs motsatira zolembedwa papaketi.

Jik asasakanizidwe ndi china chilichonse kupatula madzi. Ndili mtsikana, ndikugwira ntchito panyumba ina, ndinathira mankhwala ochotsa laimu m'mtondo wa chimbudzi, kenako ndinawonjezera Jik poganiza kuti ziwiri ziyeretsa koposa. Chitseko chinali chotseka, windo laling'ono. Mpweya umene unatuluka unandigwira pakhosi ngati munthu wandikanyanga, maso anachita kuyaka, ndipo ndinatuluka chokwawa. Ndinatsokomola masiku atatu. Jik akakumana ndi zowawasa, kaya viniga, mandimu kapena mankhwala a m'chimbudzi, amatulutsa mpweya wa klorini. Akakumana ndi mankhwala a amoniya amatulutsa mpweya wina woopsanso, ndipo mkodzo wogona m'chitini chokodzeramo usiku nawo uli ndi amoniya, choncho khuthulani ndi kutsukuluza kaye. Zikakuchitikirani, tulukani panja pomwepo, tsegulani zonse, musabwerere kukapukuta.

Masiku ano amayi ambiri aphunzira kupanga okha sopo wamadzi wotsukira mbale ndi mankhwala okolopera n'kumagulitsa, ndipo ndi bizinesi yolerera ana, sindiinyoza. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mabotolo. Mankhwala achikasu kapena obiriwira m'botolo la Mazoe, kwa mwana wa zaka ziwiri ndi chakumwa. Parafini m'botolo la zoziziritsa kukhosi, chimodzimodzi. Matulani chipepala chakale, lembani dzina la chimene chilimo ndi zilembo zikuluzikulu, ikani pamwamba pamene mwana sangafike ngakhale atakwera pampando. Mwana akamwa Jik kapena parafini musamusanzitse, thamangani naye kuchipatala mutanyamula botololo. Amene mumapanga polishi wa makandulo ndi parafini, sungunulani makandulo, chotsani poto pamoto, mupite naye panja kutali ndi moto, ndipo pokhapo thirani parafini.

Mphemvu ndi makoswe zimatsata chakudya ndi madzi. Mbale zikagona zosatsuka, ufa ukakhala m'thumba lotsegula, ngakhale mupopere mankhwala mwezi ndi mwezi zidzabwerabe. Ufa, mpunga ndi shuga zikhale m'ndowa zotseka, ming'alu ya m'khoma imatidwe, sinki igone youma. Mankhwala a m'timapepala topanda dzina ogulitsidwa m'misewu ine sindilola kuti alowe m'nyumba mwanga. Mapilisi oteteza chimanga kwa anankafumbwe, amene ena amaika m'chipinda pofuna kupha nsikidzi, amatulutsa mpweya umene umapha anthu ali mtulo. Nsikidzi zimagonja ndi madzi owira m'mfundo za bedi, kuchapa zofunda m'madzi otentha ndi kubwereza mlungu ndi mlungu mpaka zitatha. Firiji ikanunkha magetsi atazima nthawi yaitali, tayani zoonongeka, pukutani ndi supuni imodzi ya soda m'lita imodzi ya madzi, n'kusiyamo makala atatu ouma m'kambale.

Zinyalala ndimazigawa pakhomo pomwepo. Mukayang'ana m'bini mwanu mudzapeza kuti zambiri ndi zoola: makoko a mbatata, mapesi a masamba, masamba a tiyi, zikamba za mazira. Zimenezo sizifunika ulendo wa ku Pomona, kumene mzinda umataya zinyalala. Kuseri kwa nyumba ndili ndi dzenje lofika m'mawondo. Pansi ndimayala timitengo ndi mapesi, kenako zoola za m'khitchini, pamwamba masamba ouma amene ndimasesa pabwalo, ndowe za nkhuku zikapezeka, kaphulusa kongowaza, ndi dothi pang'ono lotsekera ntchentche. Zouma zichuluke kuposa zaziwisi. Nyama, mafupa ndi mafuta zisalowemo, zimaitana makoswe ndi agalu. Muzikhala chinyezi ngati nsalu yofinya, ndipo tembenuzani pakatha milungu iwiri iliyonse. Likanunkha ndiye kuti madzi achuluka, wonjezerani masamba ouma. Pakatha miyezi itatu mumafukula dothi lakuda lonunkhira ngati mvula yoyamba, ndipo kovo wa pamenepo masamba ake amakula ngati mbale.

Mabotolo apulasitiki, zitini ndi makatoni ndimaika m'thumba lapadera pageti, zotsukuluza kale. Pali anyamata ndi amayi amene amazitola kukagulitsa, ndipo zikakhala zoyera ndi zosankhidwa mwawapeputsira ntchito yofukula m'bini. Galimoto yotenga zinyalala ikachedwa, chiyeso chimakhala chotentha zonse madzulo. Masamba apite kudzenje, koma pulasitiki musatenthe. Utsi wake ndi umene umalowa m'zifuwa za ana ndi agogo m'nyumba zoyandikana. Matewera otaya aja akhuthuleni m'chimbudzi, akulungeni, amangeni m'jumbo, adikire galimoto. M'ngalande ndi m'chimbudzi asalowe. Boma linaletsa timabokosi toyera ta kaylite toikamo chakudya mu 2017, ndipo kuyambira Disembala 2018 Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse ndi tsiku losesa dziko lonse. Tsiku limenelo ife a mumsewu mwathu timatsegula ngalande ya kutsogolo kwa nyumba zathu, makamaka mu Okutobala mvula isanagwe. Popita ku Mbare Musika ndimanyamula dengu ndi thumba losokedwa ndi chitenje chakale, majumbo amachepa okha.

Chotsukira mbale sindigula. Thumba la ukonde la malalanje kapena anyezi, mukalipinda n'kulisoka, limakwecha miyezi. Koma chimene ndimakonda ndi chinkhupule, ndipo mbewu yake mayi anga anachita kubwera nayo kuchokera ku Dedza atamanga pakansalu. Dzalani njere ziwiri kapena zitatu m'mphepete mwa mpanda mvula ikayamba mu Novembala, pothira manyowa a m'dzenje lija. Chimayanga chokha pawaya. Zipatso zisiyeni pamtengo mpaka khungu lichite khofi ndipo njere zizilira mkati mukagwedeza. Sendani, gugudani njere zituluke, chapani, yanikani, dulani zidutswa zitatu: cha mbale, cha bafa, chosambira. Mukamaliza kutsuka chifinyeni n'kuchipachika padzuwa pambali pa thandala, pamodzi ndi mbale zimene zikuuma zokha popanda nsalu. Chikafooka chimapita kudzenje la manyowa. Njere zakuda zija sungani m'botolo louma, ndipo amene akuzifuna andipeze Lachinayi ku Chigwirizano, ndili nazo zodzaza chitini.